Hermit Road kapena Rainbow Rim: mbali iti ya Grand Canyon yoyenera wopalasa njinga?

Aliyense wofuna kukaona Grand Canyon, chigwa chachikulu chimene chili m'paki ya ku Arizona m'dziko la America, ali pa njinga adziwiretu kuti m'chigwa mwenimwenimo simupalasidwa. Tinjira totsikira ku mtsinje wa Colorado, monga Bright Angel ndi South Kaibab, n'ta oyenda pansi ndi nyulu basi. Ngakhale akatswiri opalasa Arizona Trail, njira ya makilomita pafupifupi 1,300 yochokera kumalire a Mexico mpaka ku Utah, akafika pachigwachi amamasula matayala, n'kumangirira njinga pachikwama, n'kuibereka mpaka kutsidya, chifukwa lamulo sililola kuti tayala likhudze pansi. Ndiye ife opalasa wamba gawo lathu ndi la m'mphepete, ndipo tiyenera kusankha pakati pa kum'mwera ndi kumpoto.

Mukaima mbali imodzi, inayo imaoneka ngati ili pomwepa, pakuti zatalikirana makilomita pafupifupi 16 okha. Koma pamsewu muyenera kuzungulira makilomita oposa 340, kukawolokera pa Navajo Bridge. Si ulendo woti n'kuuphatikiza tsiku limodzi.

Kum'mwera, njira imene aliyense amatchula ndi Hermit Road. Ndi msewu wa phula wa makilomita 11, wochokera ku Grand Canyon Village kukathera ku Hermits Rest, kanyumba ka miyala kamene Mary Colter anakonza mapulani ake ndipo kanamangidwa mu 1914. Chimene chimaukometsa n'chakuti kuyambira pa 1 March mpaka pa 30 November magalimoto a alendo saloledwa kudutsamo. Mumangoyenda mabasi a paki, oyenda pansi ndi njinga. Lamulo lake ndi limodzi lofunika kulisunga: basi ikakupezani kumbuyo, patukirani kumanja, imani, tsikani, idutse kaye. Ena zimawanyansa, koma msewuwo ndi wopapatiza ndithu, ndipo mabasiwo ndi amene amapulumutsa wotopa chifukwa ali ndi poikapo njinga kutsogolo kwake. Chitunda choyamba mukangochoka ku Village n'chowawa, makamaka kwa amene sanazolowere mpweya wa pamalo okwera mamita pafupifupi 2,100, moti ambiri amakweza njinga pabasi n'kukatsikira ku Hopi Point, n'kuyambira pamenepo.

Kuchokera apo chigwa sichikusiyani. Pa Mohave Point mtsinje umaonekera pansi patali, kansalu kobiriwira kapena kofiirira malinga ndi nyengo. Pamalo otchedwa The Abyss thanthwe latsika chiimire mamita pafupifupi 900, ndipo mukasiya njinga n'kuyandikira m'mphepete, akhwangwala amauluka pansi pa mapazi anu, inu n'kumawaona kumsana. Chakumapeto, kuchokera pa Monument Creek Vista, pali kanjira ka phula kosadutsa basi, kokhotakhota m'timitengo tating'ono, kodutsa pa Pima Point. Ku Hermits Rest kuli madzi akumwa, zimbudzi ndi kogula zoziziritsa kukhosi. Njinga iliyonse imatha ulendo umenewu, ngakhale yobwereka, ndipo pafupi ndi Visitor Center, malo olandirira alendo, pali pobwerekera. Wokhala ku Tusayan, tauni ya kunja kwa geti, atha kulowa m'paki pa njinga potsata kanjira ka Greenway ka makilomita pafupifupi 10, osalimbana ndi mzere wa magalimoto.

Komabe tinene chilungamo. Makilomita 22 kupita ndi kubwera, kwa munthu wozolowera kupalasa, ndi ntchito ya m'mawa umodzi. Mwa alendo 10 alionse obwera ku pakiyi, 9 amapita kum'mweraku, ndipo paliponse poonera chigwa basi ikangoima anthu amati khathikhathi. Wofuna kuwonjezera mtunda amayang'ana ku Desert View Drive, makilomita 37 kulowera kum'mawa mpaka ku nsanja ya miyala ya 1932, koma kumeneko magalimoto ndi ambiri, ena ndi zigalimoto zogonamo zotambalala, ndipo m'mbali mwa msewu mulibe malo okwanira. Ine sindingauze mnzanga woyamba kumene kuti apite kumeneko.

Kumpoto nkhani ndi ina. Rainbow Rim Trail sili m'paki ayi, ili m'nkhalango ya boma ya Kaibab National Forest, ndiye chifukwa chake njinga zimaloledwa pa kanjira ka dothi kamene kali m'mphepete mwenimweni mwa chigwa. Kanjirako, gawo lake lodziwika bwino, n'ka makilomita pafupifupi 29, ndipo kamalumikiza malo asanu otulukira kuchigwa: Parissawampitts, Fence, Locust, North Timp ndi Timp. Kuti mukafikeko mumachoka ku Jacob Lake pa msewu wa 67, kenako n'kupatukira kumadzulo m'misewu ya miyala ya m'nkhalango, monga Forest Road 22, n'kuyenda makilomita ambirimbiri osaona nyumba.

Chimene chimasiyanitsa njira ziwirizi kwenikweni si phula ndi dothi. Ku Hermit Road chigwa mumachiona nthawi yonse, mpaka maso amazolowera. Ku Rainbow Rim chimabisala. Mukachoka pamalo amodzi oonera, kanjira kamakhotera m'nkhalango kuzungulira kachigwa kam'mbali, kumatsika pang'ono, kumakwera, kumatsikanso. Kwa nthawi yaitali mumangoona mapaini akuluakulu a ponderosa, a makungwa ofiirira ong'ambika zigambazigamba, amene dzuwa likawawomba amatulutsa kafungo kotsekemera. Matayala amayenda mwakachetechete pa masamba a paini ouma, kenako n'kuyamba kugubuduza timiyala. M'makhwawa muli mitengo ya aspen ya thunthu loyera, imene masamba ake amasanduka achikasu chakumapeto kwa September. Mwina gologolo wa Kaibab adutsa kutsogolo kwanu, wamimba yakuda, mchira woyera mbuu, makutu a nsonga zaubweya. Kwawo kwenikweni ndi pa chitunda chimenechi cha Kaibab basi. Ndiyeno mitengo imayamba kuchepa, kuwala kumawonjezeka, mwadzidzidzi dziko latha, phompho lili yasaa. Izi zimachitika kasanu, ndipo ulendo uliwonse mtima umadumpha ngati koyamba. Pa Timp Point, wokhala ndi zoonera patali atha kuona Thunder River, madzi otumphuka pakati pa khoma la thanthwe kutsidya, kamzere koyera m'dziko lofiira louma.

N'chifukwa chake ndimati kwa munthu amene amakonda kupalasa kwenikweniko, osati kungofuna njinga yomufikitsa pojambulira zithunzi, kumpoto ndiye kwake. Nkhalango siikutchingani chabe; ndi imene imachititsa kuti chigwa chikaoneka, chioneke.

Koma kumpoto kulibe wokusamalirani. Panjira yonseyo palibe mpopi, palibe chitsime, palibe sitolo. Chitundachi n'cha miyala ya laimu imene imamwa madzi a mvula n'kuwalowetsa pansi, ndipo ndi madzi omwewo amene amakatulukira m'makoma a chigwa ngati ku Thunder River kuja. Madzi onse akumwa, ophikira ndi osukusulira mubwere nawo, ndipo pamalo okwera chonchi, mpweya uli wouma, ludzu limabwera msanga kuposa mmene mumaganizira. Netiweki ya foni si yodalirika. Tcheni chikaduka kapena tayala likaphulika, makaniko ndinu nomwe: chubu chapadera, zigamba, pampu, kachida kolumikizira tcheni ndi masipanala ang'onoang'ono zisatsale. Njira yanzeru imene ambiri amatsata ndi kumanga tenti chapakati, ku Locust Point, n'kupalasa tsiku lina chakumpoto, tsiku lina chakum'mwera, kubwerera pamsasa madzulo. Kugona m'nkhalangoyi kunja kwa malo okonzedwa n'kololedwa, bola kutsatira malamulo a moto, amene nyengo yachilimwe amakhwima kwambiri. Kum'mwera simungamange tenti paliponse. Muyenera kupita pamalo ovomerezeka ngati Mather Campground, pamene pali malo osungidwira obwera wapansi kapena pa njinga.

Pankhani ya njinga yoyenera, Rainbow Rim imafuna njinga ya m'mapiri, ya matayala onenepa, magiya opepuka ndi mabuleki ogwira bwino. Kanjirako si koopsa kwambiri, ndipo munthu wodziwa pang'ono kupalasa padothi amakatha, kungoti zitunda zazifupi zimabwera motsatizana ndipo mpweya umachepa. Njinga ya matayala opyapyala yonyamula zikwama m'mbali mwa kaliyala imavutika m'makona ndi pamiyala. Eni njinga zamagetsi asamale apa: m'paki kum'mwera zimaloledwa pamene njinga wamba zimaloledwa, koma a nkhalango za boma amaziwerengera m'gulu la zoyendera injini, ndipo Rainbow Rim ndi kanjira ka oyenda pansi, okwera akavalo ndi opalasa ndi miyendo. Mukakumana ndi akavalo, imani, lankhulani kuti nyamayo idziwe kuti ndinu munthu, apo ayi imadzidzimuka.

Nyengo nayo imasankhira anthu. Kum'mwera n'kotsegula chaka chonse, ngakhale kuti kuyambira December mpaka February magalimoto amabwerera mu Hermit Road ndipo madzi oundana pamsewu si achilendo. Kumpoto n'kokwera kwambiri, chipale chofewa chimagwa chochuluka, msewu wa 67 umatsekedwa m'nyengo yozizira, ndipo mwachizolowezi alendo amalandiridwa kuyambira pakati pa May mpaka pakati pa October. Mbali zonse ziwiri, mu July ndi August mvula ya mabingu imakonda kubwera masana. Mphezi pamalo osatchingika a m'mphepete imapha, choncho yambani m'mamawa, ndipo mukamva kugunda chokanipo. Kumpoto mvula yomweyo imasandutsa misewu ya m'nkhalango kukhala matope oterera.

Palinso nkhani ya moto. Mu July 2025 moto wolusa wotchedwa Dragon Bravo unatentha dera lalikulu la kumpoto, kuphatikizapo Grand Canyon Lodge, hotela yakale ya pa North Rim, ndipo malo ambiri anatsekedwa. Wokonzekera ulendo wa kumeneko afunse kaye ku ofesi ya North Kaibab Ranger District za misewu ndi tinjira totsegula, komanso kumene angapeze madzi ndi mafuta, asanayambe ulendo.

Ngati muli ndi ana, kapena muli ndi tsiku limodzi lokha, kapena simunaonepo chigwachi chibadwire, pitani ku Hermit Road, ndipo nyamukani dzuwa lisanatuluke, khamu lisanadzuke. Mbawala zikuluzikulu za elk zimakonda kudya m'mbali mwa msewu nthawi imeneyo. Zisiyireni mpata wa mamita osachepera 30, makamaka mu September ndi October pamene zamphongo zimalusa. Koma ngati muli ndi masiku atatu, galimoto yotha kuyenda m'miyala, zigubu za madzi ndi mnzanu mmodzi wodziwa kumata chubu, ine ndingakutumizeni ku Locust Point mosakayika.