Ndemanga: tinjerwa ta matabwa ta ana a kumkombaphala

Ndine mlezi pa sukulu ya mkombaphala kuno ku Chinamwali. Bokosi la zoseweretsa zomangira nyumbali tinagula kwa kalipentala wina wa m'tauni mwa Zomba muno, ndi ndalama zomwe makolo anasonkha, ndipo ana akhala akuseweretsa kuyambira teremu yatha. Ndi katundu wabwino, ndikhoza kugulanso mawa lomwe, ngakhale pali zina zofunika kuti mwiniwake akonze.

M'bokosimo muli tinjerwa ta paini, timatabwa titalitali ta lintala ndi denga, kachikombole kamodzi ndi kawilibala. Paini ndi wopepuka, mwana wa zaka zitatu amanyamula bwinobwino. M'mbali monse anakwechamo ndi sandipepa, moti palibe mwana amene wabayidwapo m'manja.

Chomwe chandigwira mtima ndi muyezo wake. Bamboyu sanangodula zidutswa zotsala pa ntchito zina ayi. Tinjerwa tiwiri tatifupi tikagundana timalingana ndendende ndi kamodzi kakatali, ndipo tiwiri tatitali timalingana ndi lintala. Poyamba ana ankangosanjikiza kanjerwa pamwamba pa kanzake, khoma n'kumagwa likangofika m'mawondo. Tsiku lina kamtsikana ka zaka zinayi, komwe bambo ake ndi bilidala, kanati, “Madamu, adadi sasanja choncho.” Kanatenga kanjerwa kakatali n'kukakhazika pamene tiwiri ta pansi takumana, pangodya n'kuikapo kakafupi kuti mzere uthe bwino. Khoma linaima nji! Anzake anaonera, ndipo lero mukamva mwana akuti “patse hafu” ndiye kuti akudziwa chomwe akupempha. Theka ndi chathunthu, chachitali ndi chachifupi, kuwerenga mizere ya khoma, zonsezi zalowa m'mutu popanda ine kulemba pa bolodi. Tinjerwati tikanakhala tosiyanasiyana muyezo, phunziro limeneli silikanatheka.

Kachikombole ndiye kamalimbiranidwa. Timatuluka nako panja, ana amaponda dothi, amakanyowetsa kaye kuti njerwa isakakamire, kenako amakhuthula pamalo osalala n'kufunditsa udzu kuti dzuwa lisazing'ambe, monga amaonera kwa oumba njerwa m'makwalalamu. Ndi zidina zimenezi tinamanga timakoma tiwiri: kena pa dothi chabe, kena pa maziko a timiyala ndi denga lotulukira kunja. Tinathira madzi ndi kheni yothiririra. Kopanda maziko kanasungunuka kuyambira pansi mpaka kanagwa. Ana anakuwa ndi kudabwa, koma kwa ife akuluakulu zinali zina, chifukwa nyumba zambiri za zidina m'boma lino zinagwa chimodzimodzi pa namondwe wa Freddy mu Marichi 2023, ndipo ena mwa makolo a ana athuwa sanamalizebe kumanganso. Ndimafuna ana amenewa akule akudziwa kuti madzi amayamba kudya khoma pansi.

Atsikana amamanga mofanana ndi anyamata, bola mlezi aonetsetse kuti anyamata sakulanda zonse.

Tsono zolakwika. Kawilibala sikanalimbe: tayala analigwiriza ndi msomali, linaguluka, msomaliwo n'kutsala poyera. Pa chidole cha ana aang'ono zimenezi n'zoopsa, ndipo ndinakachotsa tsiku lomwelo. Penti ya tinjerwa tofiira ndi tachikasu imasuluka ikanyowa. Ana amaika chilichonse kukamwa, ndipo penti ina ya mafuta imakhala ndi mtovu, womwe umaononga ubongo wa mwana. Tinakwecha tonse, pano n'topanda penti, ndipo ana sanadandaule n'komwe. Munalinso tizidutswa tobulungira tochepa kwambiri, toti mwana wosakwana zaka zitatu akhoza kumeza n'kutsamwa nato. Timeneto ndinatibisa.

Dziwaninso kuti paini ndi wofewa. Ndi chinyezi cha kuno ku Zomba nthawi ya dzinja amachita nkhungu, ndipo chiswe chimamukonda, choncho bokosi lisamakhale pansi. Ife timaliika pa tebulo, Lachisanu n'kuyanika tinjerwa pa dzuwa.

Bokosi limodzi limakwanira ana asanu kapena asanu ndi mmodzi panthawi, ndiye pa gulu lalikulu pamafunika kusinthana. Mtengo wake ndi wotsika poyerekeza ndi wa Lego kapena zina za pulasitiki za m'shopu, ndipo kanjerwa kakasowa mumangopita kwa kalipentala yemweyo kukadulitsa kena.

Alezi anzanga ndi makolo, mukamakapangitsa, muwauze bambowo kuti asapake penti, asagwiritse ntchito misomali, tayala la wilibala amange ndi bauti, ndipo m'malo mwa tizidutswa tobulungirato awonjezere tizikombole tiwiri kapena titatu.