Kokonati, jojoba, nsatsi kapena ya pampu ija? Za kusukusula nkhope ndi mafuta

Funso ili landitopetsa, aliyense akangomva kuti usiku ndimatsuka nkhope ndi mafuta amafunsa chimodzimodzi, mafuta ake ati? Nde ndati ndingoyankha kamodzi zithe. Zoti mafuta amasungunula mafuta anzake sindikhalitsapo, mukudziwa kale, sunscreen, mekapu ndi mafuta amene khungu limatulutsa lokha sizimva madzi, zimamva mafuta. Umathira pankhope youma, manja nawonso ouma, kutikita pang'ono, kenako kuchotsa. Nkhani yonse yagona pa kuchotsako. Anthu amalimbana ndi mayina, uyu jojoba uyu kokonati, koma chimene chimasiyanitsa zinthuzi kwenikweni ndi choti mafutawo akamaliza ntchito yake amachoka bwanji pankhope panu.

Mbali imodzi kuli mafuta osasakaniza ndi kanthu, a kokonati, a olivi, a nsatsi, a mpendadzuwa, a jojoba, amene anthu amawakonda chifukwa akuti ndi achilengedwe. Mbali inayi kuli cleansing oil yopangiratu ya m'botolo la pampu, ndi m'bale wake balm wa m'kachitini. Ndinenereretu kuti ine ndimakondera mbali yachiwiriyi ndipo sindibisa.

Ndiyambe ndi kokonati chifukwa ndili naye chakukhosi. Mafuta ake amanunkhira bwino, mascara amangosungunuka ngati masewera, ndipo masiku oyamba nkhope imafewa mpaka umayamba kulalikira kwa anzako kuti wapeza chinsinsi. Vuto limabwera mochedwa, komanso silibwera ngati chiphuphu chimodzi chachikulu choti uchione nkudzidzimuka, limabwera ngati timiyala ting'onoting'ono pansi pa khungu, pachipumi ndi m'mbali mwa chibwano, toti ukayang'ana pagalasi chamaso sutiona, koma ukapendeketsa mutu pa kuwala kapena kudutsitsa chala umangomva kukhakhala paliponse. Zinandichitikira zimenezi, ndipo amene anandiyamikira mafutawo ankangoti pirira, khungu likutulutsa zoipa, zidzatha zokha. Bodza limenelo. Kutuluka ziphuphu poyamba kenako nkukhala bwino kumachitika ndi zinthu zimene zimafulumizitsa khungu kufundula, monga retinol ndi ma acid ena, mafuta wamba sachita zimenezo. Akakutulutsa tiziphuphu ndekuti atseka timabowo ta pakhungu, basi.

Pafupifupi theka la mafuta a kokonati ndi lauric acid, ndipo amagwirana kukangozizira kufika pansi pa madigiri 24, nchifukwa chake mumawapeza atauma m'botolo. Pa sikelo ija yoyezera mmene chinthu chimatsekera timabowo, yoyambira 0 mpaka 5, iwowa amawaika pa 4. Sikeloyo musailumbirire kwambiri, inachokera pa kuyesa mafuta m'makutu mwa akalulu, ntchito ya madokotala a khungu a ku America monga James Fulton m'zaka za m'ma 1980, ndipo khutu la kalulu limatsekeka msanga kuposa nkhope ya munthu. Alipo anthu amene atha zaka akudzola kokonati kumaso osatuluka ngakhale kachiphuphu, mwayi wawo. Koma ngati inu mumatuluka kale ziphuphu, mukuyeseranji pankhope panu? Ku miyendo ndi ku tsitsi ndi abwino, asiyeni komweko.

Tsopano chimene palibe amene amakuuza ukamagula mafuta osasakanizawa, kaya ndi kokonati kaya jojoba wodula uja, ndi nkhani ya kansalu. Mafutawa sagwirizana ndi madzi. Mukhoza kusukusula mpaka dzanja kutopa, madzi amangotsetsereka pamwamba, chimodzimodzi kutsuka mbale ya mafuta ndi madzi okha opanda sopo. Nde njira yake ndi kuviika kansalu m'madzi ofunda, kukafinya, kukaphimba kumaso, kupukuta, kukatsukuluza, kupukutanso, mpaka utamva kuti kutelera kwatha. Kansalu kameneko kamafuna katsopano usiku uliwonse chifukwa kadzulo kali ndi mafuta, mekapu ndi litsiro lonse lija, ndipo ukakapachika konyowa m'bafa tizilombo timaswana mmenemo mwachisangalalo. Ndekuti uzikhala ndi mulu wa tinsalu ndi ntchito yochapa, ndipo mafuta sachoka bwinobwino mu nsalu, pakapita nthawi timayamba kafungo kenakake kovunda koti ngakhale uchape bwanji sikatha, umangotaya nkugula tina.

Koma zochapazo nzazing'ono. Chimene chinandipweteka ine ndi kupukuta komweko. Munthu ukamva kuti nkhope ikadali yotelera dzanja limawonjezera mphamvu lokha, madzi nawo umawatenthetsa kwambiri poganiza kuti achotsa msanga, nde taganizani kukwecha tsiku ndi tsiku pakhungu loti lili kale ndi tiziphuphu. Timatupa, timaphulika, ndipo kwa ife a khungu lakuda pamene patupa pamasiya dontho lakuda. Chiphuphu chimatha sabata imodzi kapena ziwiri koma dontholo limakhala miyezi, lina kudutsa chaka. Pamenepo mpamene umayamba kugula seramu wa vitamin C, niacinamide, ichi ndi icho chochotsera madontho, ndalama zopitirira kutali zimene unkati ukupulumutsa pogula mafuta otchipa. Ndiye wina akamandiuza kuti mafuta wamba ndi osaboola mthumba ndimangomuyang'ana. Kuwonjezera apo sopo wa nkhope wotsukira kachiwiri pambuyo pa mafutawo umafunikabe, chifukwa kansalu sikachotsa zonse.

Olivi anthu amamupatsa ulemu wopitirira muyezo. Ali ndi oleic acid wambiri, amene amamasula chotchinga cha pamwamba pa khungu chija chimene chimasunga chinyezi. Ku yunivesite ya Sheffield anachitapo kafukufuku amene anatuluka mu 2013, anthu akuluakulu 19 ankadzola madontho ochepa pamkono kawiri patsiku kwa masabata anayi kapena asanu, ndipo pamene panadzoledwa olivi chotchinga chija chinafooka, ena mpaka kufiira, pomwe pamene panadzoledwa mpendadzuwa panalibe vuto, chinyezi chinawonjezereka kumene. Zoona, kumeneko mafutawo ankawasiya pakhungu osati kutsuka, koma tanena kale kuti mafuta osasakaniza sachoka onse. Mpendadzuwa nde wabwino, wopepuka, ali ndi linoleic acid wambiri amene khungu limagwirizana naye. Muzingowerenga botolo, chifukwa pali mtundu wina wolembedwa high oleic umene ukufanana ndi olivi yemweyo, komanso wabwinoyo sachedwa kuvunda akakhala potentha kapena padzuwa.

Nsatsi ndi nkhani ina. Mafuta ake ndi okhuthala, onanda, pafupifupi 90 peresenti ndi ricinoleic acid, ndipo ngakhale ali mafuta ambiri amadandaula kuti amawaumitsa khungu, ukatsuka ndi iwo okha nkhope imathina ngati wasamba sopo wochapira. Maresipi a pa intaneti amati uziwasakaniza pang'ono ndi mafuta ena opepuka, chabwino, koma kukhuthala kwakeko kumapangitsa kuti uzikoka khungu potikita komanso ndi ovuta kwambiri kupukuta pa onsewa. Sindiona phindu lake.

Jojoba yekha ndi amene ndimamulemekeza m'gulu limeneli. Kunena zoona si mafuta enieni, ndi phula lamadzimadzi lochokera ku njere za chitsamba cha m'chipululu cha Sonora, chakumalire a Mexico ndi America, ndipo kapangidwe kake kakufanana ndi gawo lina la mafuta a khungu lathu. Savunda msanga, salemera, anthu ochepa okha ndi amene amawawenga. Koma amabwera m'timabotolo ting'onoting'ono todula, kutsukira nkhope usiku uliwonse sikachedwa kutha, mascara wosamva madzi amachedwa naye, ndipo kansalu kaja sukathawa. Bola kumudzola madontho awiri ukamaliza kusamba kusiyana ndi kumutayira mu sinki.

Tsopano cleansing oil ya pampu. Nawonso ndi mafuta, nthawi zina mpendadzuwa kapena olivi yemweyo, kusiyana kwake nkwakuti anathiramo emulsifier, chinthu chimene chimagwira mafuta mbali imodzi ndi madzi mbali inayo. Ukamaliza kutikita umanyowetsa zala nkupitiriza, ndipo pompo mafuta aja amasanduka oyera ngati mkaka, amapyapyala, ukathira madzi zonse zimatsika limodzi, sunscreen, mekapu, chilichonse. Kansalu ayi, madzi otentha ayi, kukwecha ayi. Si zatsopano ayi, Shu Uemura, amene ankaphoda akatswiri a mafilimu ku Hollywood, anayamba kugulitsa mafuta otere ku Japan m'zaka za m'ma 1960, ndipo kutsuka kawiri kumene kwatchuka chifukwa cha zodzola za ku Korea, mafuta poyamba sopo wofewa pambuyo, kumadalira zomwezi.

Chenjerani ndi mabotolo onama. Ndinagulapo lina lokongola, lagalasi, lolembedwa cleansing oil mochititsa kaso ndi zithunzi za masamba, kufika nalo kunyumba kuthira madzi mafuta ali phee osasintha. Kuwerenga kumbuyo ndi mafuta wamba atatu ndi perefyumu, ndalama ya cleansing oil koma ntchito ya kansalu yomwe ija, mxii. Nde musanagule tembenuzani botolo, funani mayina monga polysorbate 80, sorbeth-30 tetraoleate, PEG-20 glyceryl triisostearate, kapena lina loyamba ndi polyglyceryl. Ngati pali poyesera, donthezani pakhatho, onjezani kadontho ka madzi, tikitani ndi chala. Akayera ndi enieni, akapanda kuyera abwezeni pashelefu.

Sikuti alibe zovuta. Ambiri amadzaza fungo, ndimu, lavenda ndi mafuta ena onunkhira amene amayabwa khungu losachedwa kukwiya, sankhani opanda fungo. Ena akalowa m'maso umaona chifunga kwa mphindi zingapo, sizipweteka koma zimakwiyitsa. Ndipo pa mineral oil, amene amapezeka mu ma cleansing oil ena, ndiwateteze pang'ono, anthu amangomva dzina nkuthawa poti akuti ndi wochokera ku petulo, koma woyengedwa bwino wa mu zodzola ndi amodzi mwa mafuta ofatsa kwambiri, savunda, sachita kanthu ndi khungu, amangonyamula litsiro nkumapita.

Balm ndi cleansing oil yemweyo wogwirana, amasungunuka akakhudza khungu. Paulendo ndi wabwino poti satayikira m'chikwama, kungoti kasupuni kake kamasowa msanga nde umayamba kupisamo zala. Micellar water, madzi ochotsera mekapu opaka ndi thonje, sindimuwerengera pa mpikisanowu, pa mekapu wopepuka amathandiza koma thonje lake ndi kupukuta komwe kuja.

Pali gulu limodzi lofunika kusamala kuposa onse. Ngati tiziphuphu tanu ndi tofanana kukula, toyabwa, tambiri pachipumi kapena pachifuwa, kapena mumavutika ndi mfundu ndi kusupuka m'mbali mwa mphuno, mwina vuto ndi yisiti wa pakhungu wotchedwa Malassezia. Ameneyu chakudya chake ndi mafuta, ndipo olivi, kokonati ndi mafuta ambiri a zomera amamunenepetsa. Mineral oil ndi squalane, mafuta ena opepuka a m'zodzola, samudyetsa. Zikamapitirira kaonaneni ndi dokotala wa khungu, chifukwa mankhwala a ziphuphu wamba samugwira.

Nde mukandifunsa mndandanda wanga, cleansing oil yoyera ikakumana ndi madzi komanso yopanda fungo ili pamwamba, balm pambali pake. Ngati mwatsimikiza mtima kuti mukufuna mafuta osasakaniza, jojoba kapena mpendadzuwa, ndi kansalu kofewa, madzi ofunda chabe, kusindikiza osati kukwecha, kenako sopo wofewa. Olivi ndi nsatsi ayi, kokonati ndanena kale. Kutikita mphindi imodzi kwakwana, zija za pa TikTok zotikita mphindi 15 kuti timchenga tituluke musatengeke nazo, timadontho ta pamphuno timadzazanso pakangopita masiku ochepa ndipo mumangotopetsa khungu. Usiku wokha, m'mawa palibe choti musungunule, ndipo tsiku limene simunadzole sunscreen kapena mekapu sopo wanu wa nkhope yekha akukwana. Ovala magalasi a m'maso omata aja muziyamba mwachotsa musanagwire mafuta, ndipo a nsidze zomatira funsani kaye amene anakumatani, chifukwa mafuta amatha kufooketsa guluu wake.