Argue, debate, quarrel, dispute kapena disagree: m'maminitsi mulembemo liti?

Alembi a makomiti a sukulu, a mipingo ndi a makalabu a alimi amene amakakamizika kulemba maminitsi m'Chingerezi akhala akundifunsa funso limodzi mobwerezabwereza: anthu akatsutsana pa msonkhano, kodi liwu loyenera kulemba ndi liti? Timabuku tomasulira mawu ta m'thumba timene timagulitsidwa m'mbali mwa msewu timangoti mawu onsewa ndi "kukangana", koma wa ku ofesi amene adzawerenge maminitsiwo sadzawamva chimodzimodzi, ndipo iyeyo sanali pa msonkhano kuti adziwe mmene zinthu zinalili.

Pa quarrel sindichedwapo. Uwu ndi mkangano wa anthu opsa mtima, wokalipirana ndi kulozana zala, ndipo m'maminitsi silifunikamo pokhapokha ngati cholinga chanu ndi kuchititsa manyazi amene mwawatchula. Debate nalonso ndi losavuta, chifukwa limanena za mtsutso wokonzedwa, wokhala ndi woutsogolera komanso nthawi yoikika kwa wolankhula aliyense, monga mmene aphungu amachitira ku Nyumba ya Malamulo pokambirana za bajeti, kapena mtsutso wa ofuna upulezidenti umene unayamba kuchitika m'dziko muno m'chaka cha 2014. Ngati anthu ankangodulana mawu mpaka wapampando kumenya tebulo, imeneyo si debate. Conflict lisiyireni olemba nkhani za nkhondo.

Argue ndi liwu labwino koma loterera, ndipo chimene chimalisintha ndi kamawu kamene kakubwera patsogolo pake. Mukalemba kuti msungichuma "argued that" ndalama zisungidwe ku banki, mwamulemekeza, popeza mwanena kuti anapereka mfundo yokhala ndi zifukwa, monga amachitira loya m'khoti kapena wophunzira wa Fomu 4 polemba chimangirizo cha mtsutso pa mayeso a MSCE. Mukalemba kuti "argued with" wapampando, mwamusandutsa munthu wamakani. Amene amalidziwa bwino angaligwiritse ntchito, koma mlembi wongoyamba kumene ayambe waona kawiri asanapereke pepalalo kuti lisainidwe.

Limene ndili nalo chakukhosi ndi dispute. Alembi ambiri amalikonda chifukwa limamveka lachisukulu, koma liwuli ndi la ku khoti. Lamulo la za ubale wa olemba ndi olembedwa ntchito la 1996, limene limalongosola ntchito za khoti la zantchito la Industrial Relations Court, limagwiritsa ntchito liwu limeneli pa milandu ya pakati pa mabwana ndi antchito awo. Milandu ya malo a makolo pansi pa lamulo la 2016 imatchedwanso chimodzimodzi, ndipo nkhani ya malire a pa nyanja pakati pa Malawi ndi Tanzania, imene gwero lake ndi pangano la Britain ndi Germany la 1890, nyuzi za Chingerezi zimailemba ndi liwu lomweli. Ponseponse tanthauzo lake ndi lakuti pali mbali ziwiri zimene zalephera kumvana pazokha ndipo zikufuna wachitatu woweruza kapena woyanjanitsa.

Ku kalabu yathu ya alimi liwuli linatipweteka. Tinkapempha ngongole ya feteleza ku bungwe lina lobwereketsa ndalama, ndipo iwo anafuna kuona maminitsi a msonkhano wathu wapachaka. Chimene chinachitika pa msonkhanowo n'chakuti mamembala ena anafunsa chifukwa chake mtengo wa matumba m'kaundula unkasiyana ndi umene ankaudziwa, msungichuma anatulutsa malisiti, anthu anawaona, nkhani inathera pomwepo ndipo tinatseka ndi pemphero. Koma m'maminitsi munalembedwa kuti panali "a dispute over the accounts". A ku bungwe aja ataona mawu amenewa anaimitsa kaye fomu yathu, nafuna kalata yotsimikiza kuti mlanduwo unatha, yosainidwa ndi komiti yonse komanso yokhala ndi chidindo cha amfumu. Kusonkhanitsa anthu nyengo yososa minda si ntchito yamasewera, ndipo pamene ndalamazo zinkatuluka n'kuti mvula itagwa kale ndiponso feteleza atakwera mtengo. Sindiwaimba mlandu kwenikweni a ku ofesiwo, pakuti anawerenga zimene zinalembedwa.

N'chifukwa chake ine ndimakondera disagree, ngakhale ena amati ndi Chingerezi cha ku pulayimale. Limangonena kuti anthu anasiyana maganizo, osaonjezapo mkwiyo, osatchulapo za khoti, ndiponso osanyoza aliyense. Chofooka chake n'chakuti palokha silinena zambiri, choncho muyenera kulithandiza polemba mfundo imene anthu anasiyanapo ndi mmene inathera, kaya anavota, kaya anaisiyira msonkhano wotsatira. Ngati nkhaniyo inali ya mafunso chabe monga ya matumba ija, ngakhale disagree yemweyo n'ngolemera, ndipo "members asked" akukwanira. Dispute mulisungire tsiku limene nkhani yapitadi kwa amfumu, ku ofesi ya zantchito kapena ku khoti.