Miyezi 7 ndikusintha ma loop akale a JavaScript ndi zida: zomwe ndasunga ndi zomwe ndinabweza

Ndinayamba mu Malichi, pano tili mu Okutobala, nde ndikuona kuti nthawi yakwana yoti ndinene mmene zayendera, chifukwa sabata yoyamba aliyense amangoyamikira, zenizeni zimadzaoneka code ikagwira ntchito miyezi ingapo ndi ndalama za anthu.

Ndimasamalira sisitemu ya sitolo ina ya feteleza ndi mbewu kuno ku Lilongwe, ili ndi nthambi ku Old Town, ku Area 25 ndi ina ku Mitundu. Anailemba ndi munthu wina kalekale, ine ndinangoilandira, ndipo mkatimo munadzaza `for (var i = 0; i < items.length; i++)` paliponse, pena atatu wina mkati mwa mnzake, i, j, k, moti ukamawerenga usiku magetsi atathima laputopu yatsala pang'ono kuzima umapezeka wasokoneza j ndi i osadziwa kuti mtengo ukuwerengawo ndi wa thumba liti. `for...of`, kalembedwe katsopano ka loop kosafuna i, inabwera ndi JavaScript ya ES2015 limodzi ndi let ndi const, zaka zonsezi ilipo, koma kusintha pamanja mafayilo onse aja sindikanatha.

Chida choyamba chinali Lebab. Dzinalo ndi Babel kuwerenga chobwerera, chifukwa Babel imatenga code yatsopano kuibweza kukhala yakale, iyi imachita mosemphana. Umayamba ndi transform (mtundu wa kusintha komwe ukuiuza kuti ichite) ya `let`, kenako `for-of`, ukalumpha yoyambayo yachiwiriyo sigwira. Imangosintha loop yomwe mzere wake woyamba ndi ngati `var item = items[i]`, ina yonse imaisiya mmene ilili. Tsiku loyamba zinandinyansa, ndimati bwanji ikusiya zambiri chonchi, koma pano ndimailemekeza pa chimenecho. Eni ake anachita kuika ma transform awiri aja m'gulu la unsafe, kutanthauza kuti uwerenge wekha zotsatira zake, ndipo ine ndinawerengadi diff iliyonse, yomwe imaonetsa mizere yomwe yasinthidwa. Zonse zomwe inasintha zilipobe mpaka lero.

Chachiwiri ndi lamulo la `no-for-loop` la eslint-plugin-unicorn, ichi nde chatsala ngati mlonda. Ukathamangitsa ESLint, pulogalamu yoyang'ana code ngati ikutsata malamulo ngati limeneli, ndi `--fix` imasintha loop yakale, ndipo ngati ukufunabe nambala ya malo imakulembera `for (const [i, item] of items.entries())`. Ubwino wake ngoti sizongochita kamodzi basi, wina akalemba loop yakale mawa imamuuza pompo. Tinali ndi malamulo a ESLint olembedwa ndi kampani ya Airbnb omwe amaletsa `for...of`, chifukwa chawo chinali kulemera kwa regenerator-runtime, code yowonjezera yomwe imafunika ukamakonzera ma browser akale, koma Chrome inayamba kuimva `for...of` pa version 38 mu 2014, matabuleti a m'masitolo athu onse ndi oposa pamenepo, nde lamulo limenelo ndinangolizimitsa.

Pomwe zinavuta mpa script yomwe ndinalemba ndekha ndi jscodeshift, chida cha Facebook chija cholembera ma codemod, ma script osintha code m'mafayilo ambiri nthawi imodzi. Chidacho chilibe mlandu, chinachita zomwe ndinachiuza. Ndimafuna ma loop otsala asanduke `forEach` chifukwa imaoneka yaifupi komanso yooneka bwino, ndipo ndinaika kuti ikapeza `await` mkati iwonjezere `async` pa callback, function yomwe `forEach` imaitana pa chinthu chilichonse, kuti code isakane kuthamanga. Ndinayesa ndi `--dry` ndi `--print`, zomwe zimaonetsa zotsatira osasintha mafayilo, m'maso zimaoneka zabwino zedi.

Mu Meyi, nthawi yomwe alimi akolola ndipo sitolo imakumbutsa omwe anatenga feteleza pangongole, pali loop yomwe imatumiza SMS mmodzimmodzi, kudikira yankho, kulemba kuti yapita, kenako wotsatira. `forEach` sidikira promise, yankho lomwe limabwera pambuyo pake, ngakhale pang'ono. Imangoitana callback iliyonse nkupitirira, nde mauthenga onse anatuluka nthawi imodzi ngati ng'ombe potsegula khola, kampani yotumiza ma SMS inakana ambiri chifukwa ili ndi malire ake, ndipo choipa kwambiri nchoti function inabweza kuti zatheka uthenga ngakhale umodzi usanayankhidwe. Pa sikirini panalembedwa kuti onse atumizidwa. `try...catch` yomwe inali kunja kwa loop siinagwire kanthu chifukwa zolakwikazo zimachitika iyo itadutsa kale. Patapita masiku atatu amayi oyang'anira nthambi ya ku Mitundu anandiimbira, "Achimwene, alimi akuti uthenga sanauone, inu mukuti munatumiza, nde tiwauze chani?" Zinandipweteka, chifukwa amene amaoneka wabodza pamaso pa alimi ndi iwowo, ndipo ena mwa anthu amenewo anali atagulitsa kale soya ndalama nkupita kwina.

Usiku womwewo ndinabweza commit yonse ya `forEach`. Pofufuza ndinapezanso lina lomwe linali lisanaphulike: `return` mkati mwa `forEach` imangotuluka mu callback osati mu function yaikulu, nde malo ena ofufuza mtengo akanabweza undefined, risiti nkulemba NaN (not a number) m'malo mwa mtengo. `break` ndinali nditaiganizira, script imailumpha, koma `return` ndinaiwala. `for...of` ilibe mavuto onsewa, await, break, continue, return zonse zimagwira mmene zimagwirira mu loop yakale, nchifukwa chake ndimati ngati mukusintha ndi chida, sinthirani kumeneko. `map` ndi `filter` ndimalemba pamanja ndikaona kuti loop cholinga chake ndikupangadi array yatsopano.

Sikuti `for...of` ndi yoyera ayi. Loop yakale imangofuna chinthu chokhala ndi `length` ndi manambala, pomwe `for...of` imafuna chinthu chomwe ndi iterable, chodziwa kupereka zamkati mwake chimodzichimodzi. Library yakale ya pulinta ya marisiti imabweza object yongofanana ndi array, ndipo titasintha tinalandira TypeError yoti is not iterable. Koma iyi imakuwa pompopompo, tinaiona tsiku lomwelo, `Array.from` inakonza. Kuli bwino vuto lokuwa kusiyana ndi lija la SMS lomwe linakhala chete masiku atatu. Za `for...in` sindinalole chida chilichonse kukhudza, imapereka ma key ngati string, "0" kuphatikiza 1 imatuluka "01", imeneyo ndimasintha ndekha ndi `Object.entries` ndikafika pafayilopo.

Liwiro? Palibe chomwe ndaona, katundu wathu ndi masauzande ochepa chabe, chomwe chimachedwetsa ndi netiweki.

China chomwe sindinachiganizire ndi `git blame`, yomwe imaonetsa amene anasintha mzere uliwonse komaliza ndi tsiku lake. Commit yoyamba inakhudza mafayilo ambirimbiri, nde mzere uliwonse unkaonetsa dzina langa ndi tsiku la mu Malichi, mbiri yoti ndani analemba chani chifukwa chani inakwiririka. Kuyambira Git 2.23 ukhoza kuika ma commit oterewa mu fayilo ya `.git-blame-ignore-revs` nkuuza `blame.ignoreRevsFile` kuti iziwalumpha, GitHub nayo imaiwerenga fayiloyi. Chonde musasakanize kusintha kwa chida ndi kukonza kwina mu commit imodzi, foda imodzi commit imodzi, mukadzafuna kubweza mudzathokoza.

Phindu lenileni ndinaliona mu Julayi atabwera mtsikana wina wa ku koleji kudzaphunzira ntchito. Anatsegula gawo lowerengera ngongole, `for (const ngongole of ngongoleZonse)`, anawerenga kamodzi nkundifunsa kuti bwanji chiwongola dzanja chikuwonjezedwa kawiri kwa amene walipira theka. Vutoli linalipo zaka, lobisala pakati pa `data[i][j]` ndi `data[j][i]`, ine ndinalidutsa kangapo osaliona.

Patsala loop imodzi yakale yomwe imayenda chobwerera, `i--`, ikuchotsa katundu wotha ndi `splice`. Palibe chida chinaikhudza ndipo nane sindiikhudza, ndangolembapo comment pamwamba kuti ikayenda chakutsogolo izilumpha thumba lotsatira nthawi iliyonse yomwe yachotsa limodzi. Nyengo yogulitsa feteleza yayamba, mpaka Januwale palibe codemod ina yomwe ilowe mu sisitemu imeneyi.