VirtualBox, VMware kapena Hyper-V: ndi iti ingasunge pulogalamu yanu yakale?

Chisiyireni Microsoft kusamalira Windows 10 pa 14 Okutobala 2025, anzanga a mabizinesi ang'onoang'ono akhala akundifunsa funso limodzimodzi: ndagula kompyuta ya Windows 11, koma pulogalamu imene ndimadyera ikukana kutseguka, nditani? Wina yake ndi ya maakaunti, wina ndi yosokera zilembo pa zipewa. Amafunsa ine chifukwa akudziwa kuti ndinadutsamo kale, ndipo ndinatayapo ndalama.

Ntchito yanga ndi yolemba zikwangwani ndi kudinda malaya. Makina anga odulira masitika ndi akale, koma amadula bwino kuposa ena atsopano amene ndawaonapo. Pulogalamu yake inalembedwera Windows XP, ndipo siyenda popanda dongle, kakiyi kooneka ngati fulashi kamene kamatsimikiza kuti munagula layisensi. Kompyuta ya XP itafa ndinagula laputopu ya Windows 11 Home, ndipo pulogalamu inakaniratu. Musadzivutitse ndi compatibility mode pa vuto ngati ili. Iyo imangonamiza pulogalamu kuti ili pa Windows yakale, koma driver wa dongle yanga, kapulogalamu kamene kamathandiza Windows kulankhula ndi chipangizocho, ndi wa 32-bit, pamene Windows 11 ilipo ya 64-bit yokha. Driver wotere sangalowe ngakhale mutatani. Mapulogalamu a 16-bit nawonso sayenda pa Windows ya 64-bit.

Njira yotsala ndi kumanga kompyuta ina m'kati mwa kompyuta yanu, imene anthu amangoti VM. XP kapena Windows 7 imatseguka pawindo lake ngati pulogalamu wamba, iyo n'kumaganiza kuti ili pa makina akeake. Amene munagwiritsapo Windows 7 Professional mukukumbukira XP Mode, imene inkabwera ndi XP ya layisensi yake, yaulere. Inathera pa Windows 7 pomwepo. Lero pa kompyuta ya Windows mumasankha pakati pa zitatu: Hyper-V ya Microsoft, VirtualBox ya Oracle, ndi VMware Workstation Pro imene mwini wake tsopano ndi Broadcom.

Ndiyambe ndi Hyper-V, chifukwa apa ndi pamene panandiwawa, ngakhale wondiwawitsa anali munthu. Ndinapita kwa mnyamata wina wokonza makompyuta amene anthu ankamutama. Ndinamufotokozera zonse, dongle ndili nayo m'manja. Anayankha mosakayika kuti ndisavutike ndi mapulogalamu a anthu ena, Windows ili ndi yake yomangiramo VM, kungoti yanga ndi Home, ndikweze ifike pa Pro. Zoti Hyper-V imapezeka pa Pro, Enterprise ndi Education basi n'zoona. Kukweza kuchoka pa Home kupita pa Pro ndi madola 99, ndipo aliyense amene anayesapo kulipira chinthu cha madola ndi khadi ya banki ya kuno akudziwa kuti nkhani yake si yapafupi. Ndinachita kupempha m'bale wanga wa ku Joni kuti andilipirire, ine n'kumubwezera m'makwacha. Mnyamata uja ndinamulipiranso ya ntchito yake.

XP inalowa, pulogalamu inalowa, tinasomeka dongle. Zii. Tinasintha bowo la USB, tinazimitsa n'kuyatsanso, pulogalamu imangoti kiyi palibe. Makina odulira nawo, amene amalumikizidwa pa USB, osaoneka.

Chimene mnyamata uja sanandifunse, kapena sanachidziwe, n'chakuti Hyper-V ilibe njira yachindunji yoperekera chipangizo cha USB kwa VM. Inabadwira ku maseva, pa Windows Server 2008, kumene palibe amene amasomeka kakiyi pa makina. Ili ndi chimene amati Enhanced Session, chimene chimadutsitsa mapulinta ndi madisiki kudzera pa Remote Desktop, koma chimafuna kuti m'kati muli Windows 8.1 kapena yatsopano kuposa apo. XP ndi Windows 7 zili kunja. Atathedwa nzeru anandiuza kuti pali pulogalamu ina yogula imene imadutsitsa USB pa netiweki, ndimupatsenso ndalama akaipeze. Pamenepo ndinanyamula laputopu yanga. Masiku anayi anapita makina ali chete, ndipo oda ya malaya a kwaya ya mpingo wina ndinaipereka kwa mnzanga wa shopu ina kuti anthu asayimbe opanda yunifomu. Ndalama ya Pro ija sinabwerere. Mpaka lero chimandipweteka n'chakuti dongle inali patebulo pake nthawi yonseyi, ndipo funso limodzi lokha likanapulumutsa zonsezi.

Kunena chilungamo, Hyper-V si yoipa. Ngati muli kale ndi Pro, ndipo mukufuna kusunga Windows 10 m'kati kuti muziyendetsa pulogalamu ya maakaunti yosafuna chipangizo chilichonse, imathamanga bwino ndipo simutsitsa kanthu pa intaneti. Koma pa XP imavutitsa ngakhale pa zinthu zazing'ono monga mausi ndi netiweki, chifukwa madriver ake a XP sabweranso ndi Windows zatsopano.

Usiku wa tsiku lachinayi ndinatsitsa VirtualBox. Ndi yaulere, imayenda ngakhale pa Home, kutanthauza kuti madola aja sanafunike n'komwe. Inayambira ku kampani ya ku Germany yotchedwa Innotek, Sun inaigula mu 2008, kenako Oracle inagula Sun mu 2010. Pa USB ili ndi kandandanda kamene mumalembapo zipangizo zoti VM izizilanda ikangoyaka. Ndinalembapo dongle ndi makina odulira, XP inalira kabelu kake kaja kosonyeza kuti yaona chipangizo, ndipo cha m'ma 11 koloko usiku mpeni unayamba kuyenda pa sitika. Pali ziwiri zoti musamale ngati m'kati mukuika XP: pa USB sankhani 2.0, chifukwa XP sidziwa USB 3.0, ndipo disiki ikhale ya IDE, chifukwa pa SATA imakonda kugwa ndi sikirini ya buluu isanamalize n'kulowa komwe.

Kona ya kumunsi kwa windo la VirtualBox kunali kachithunzi ka kamba wobiriwira, ndipo XP inkayendadi ngati kamba. Kamba ameneyu amatanthauza kuti Hyper-V ikadali yoyatsa ndipo yagwira mbali ya purosesa imene VirtualBox ikufuna, ndiye VirtualBox ikuchita kudzera mwa iyo. Muyenera kuzimitsa Hyper-V pa Windows Features, ndipo pa makompyuta ambiri a Windows 11 muzimitsenso Memory integrity pa Core isolation. Dziwani kuti Memory integrity ndi chitetezo chenicheni, choncho mukaizimitsa mwasinthanitsa chitetezo pang'ono ndi liwiro. Ine ndinasankha liwiro chifukwa laputopu imeneyi ndi ya ntchito basi, ana saseweretsa.

Msampha wa VirtualBox uli pa Extension Pack, phukusi la zoonjezera limene mumatsitsa padera. Pulogalamu yeniyeniyo ndi yaulere kwa aliyense, wabizinesi yemwe. Extension Pack ili ndi layisensi ina: yaulere kwa woigwiritsa payekha kunyumba kapena pa maphunziro, koma pa bizinesi ndi yolipira. Mavidiyo ambiri akale pa YouTube amakuuzani kuti muiike kuti USB 2.0 igwire, ndipo kale zinalidi choncho. Kuyambira pa VirtualBox 7.0 ya mu 2022, USB 2.0 ndi 3.0 zili kale m'pulogalamu yaulere ija. Ngati chimene mukufuna ndi dongle ndi makina, Extension Pack isiyeni. Ndikunenetsa izi kwa a maofesi ndi mabungwe, amene makompyuta awo ndi ambiri ndipo wa IT amangoika chilichonse chimene waona pa tsamba lotsitsira.

VirtualBox zofooka ili nazo. Nthawi zina VM ikayaka dongle siigwira mpaka muizule n'kuisomekanso. Zithunzi za 3D pa XP zinachotsedwa kuyambira pa VirtualBox 6.1, ndiye amene pulogalamu yanu yakale ndi yojambulira mapulani a nyumba mwa 3D, apa mudzadandaula.

VMware ndinaiyesa patapita miyezi, pa kompyuta ya mnzanga wosoka zipewa uja. Sindibisa: ndi yosalala kuposa VirtualBox. Mukasomeka chipangizo imakufunsani pomwepo ngati chipite ku Windows ya kunja kapena ya m'kati, ndipo imatha kukumbukira yankho lanu. Pa 3D ya Windows zakale ndi imene ili patsogolo. Kale inali yogula, ya mtengo wokwera ndithu. Broadcom itagula VMware mu Novembala 2023, inaipanga yaulere kwa oigwiritsa paokha mu Meyi 2024, kenako mu Novembala 2024 yaulere kwa aliyense, abizinesi omwe. Kuti muitsitse mumayenera kutsegula akaunti pa tsamba la Broadcom, ndipo fayilo yake ndi yokulirapo, ndiye konzani bandulo. Pa VMware Workstation 17.6 anachotsa Unity, imene inkaonetsa pulogalamu ya m'kati ngati windo wamba la kunja, ndipo VMware Tools, madriver amene mumaika m'kati mwa VM, za Windows zakale monga XP muyenera kuzitsitsa padera. Zimenezi zimandiuza kumene mtima wa eni ake uli: si kwa ife osunga XP. Chinthu chimene mtengo ndi malamulo ake asintha kawiri m'chaka chimodzi ndimachiyang'ana mosamala, ngakhale kusinthako kunali kotikomera.

Pali ndalama ina imene zitatu zonsezi sizikuuzani: palibe imene imakupatsani Windows. VM iliyonse imafuna layisensi yake, ndipo kiyi wa pa kasitika kamene kanamatidwa pa kompyuta yakale ndi wa makina amenewo okha malinga ndi malamulo a layisensi ya OEM, imene imabwera pamodzi ndi kompyuta. Mapulogalamu ena nawonso amadzimangirira ku makina, ndiye akasamukira mu VM amafuna kutsegulidwanso ndi nambala ya layisensi. Mnzanga wa maakaunti zinamuchitikira: amene anamugulitsa pulogalamu anati nambala yatsopano ndi yolipira, pulogalamu yomwe anaigula kale. Funsani wogulitsa musanasamuke, ndipo akuyankheni polemba. Ngati kompyuta yakale ikadali moyo, musadikire kuti ife ngati yanga. Kapulogalamu kaulere ka Disk2vhd ka Sysinternals kamakopera disiki yonse kukhala fayilo imodzi imene VirtualBox imatha kutsegula, ngakhale Windows ya m'katimo ikhoza kupempha kutsegulidwanso ikaona kuti makina asintha.

Pa liwiro la tsiku ndi tsiku sindinaone kusiyana koti n'kusinthira maganizo. Chofunika ndi makina anu: XP imakhuta ndi 1GB ya RAM, Windows 7 ipatseni 2GB, Windows 10 ipatseni 4GB, ndiye laputopu ya 4GB isiyeni, pezani ya 8GB yokhala ndi SSD. VM ikakana kuyaka, lowani mu BIOS, zosintha za makina zimene mumazipeza Windows isanayake, muyatse VT-x kapena AMD-V, mbali ya purosesa imene VM imadalira.

Chimene sindigonjerapo ndi intaneti. XP inasiya kulandira zotseka mabowo pa 8 Epulo 2014, Windows 7 pa 14 Januwale 2020. Vayirasi ya WannaCry itabuka mu Meyi 2017 zinafika poti Microsoft inatulutsa chigamba chapadera cha XP imene inali itaisiya kale. VM yanga ndinaichotsera netiweki yonse. Mafayilo a makasitomala amafikira pa Windows 11, amaunikidwa kumeneko, kenako ndimawaika mu foda imodzi imene mbali zonse ziwiri zimaiona. Fulashi ya kasitomala silowa mu XP, ngakhale mwini wake akhale wachangu chotani.

Kumbukiraninso kuti kompyuta yonse ya m'katiyi ndi fayilo, ndipo magetsi akazima ili pakati polemba ikhoza kuonongeka. N'chifukwa chake ndimakonda laputopu kuposa desikitopu pa ntchitoyi, batire imandipatsa mpata wozimitsa bwino. Snapshot, imene Hyper-V imaitcha checkpoint, imasunga mmene VM inalili pa nthawi ina kuti mubwerereko mukalakwitsa china, koma imakhala pa disiki yomweyo, disiki ikafa zapita limodzi. Ine Loweruka lililonse ndimazimitsa VM n'kukopera foda yake yonse pa disiki ya padera.

Ena amati bwanji osangogula kompyuta yakale ya XP pa msika. Ndi njira ndithu, ndipo kwa makina ofuna khadi yosomeka m'kati mwa kompyuta kapena bowo la pulinta lakale lija la mapini 25, kawirikawiri ndi njira yokhayo yodalirika. Koma mukugula chinthu cha zaka pafupifupi 20 chimene chidzafa ngati chinafera changa. Amene muli ndi Mac ya M1 kapena yotsatira, nkhani yanu ndi ina: purosesa yake ndi ya mtundu wina, ndipo XP imangoyendapo mochita kuyerekezera, mwapang'onopang'ono.

Mnzanga wa zipewa ndinamusiya pa VMware, chifukwa pulogalamu yake imaonetsa ulusi mwa 3D ndipo makina ake amazulidwazulidwa pa USB tsiku lonse. Wa maakaunti ali ndi Pro kale ndipo alibe dongle, ndiye Hyper-V ikumukwanira. Ine ndikadali pa VirtualBox ndipo sindikusuntha. Ndikudziwa kuti VMware imaiposa pa zina, koma iyi ndi imene inadzutsa makina anga usiku uja, siinandifunse akaunti kapena khadi ya banki, ndipo fayilo ya XP yomwe ija ndaisamutsira kale pa laputopu yachiwiri n'kutseguka tsiku lomwelo. Mukabwera kudzandifunsa, bwerani ndi chilichonse chimene pulogalamu yanu imafuna kuti chisomekedwe, tiyambe kuyesa chimenecho musanalipire aliyense.