Kapulogalamu koonera njinga pa terminal: kachangu koma kanandiyendetsa ulendo wachabe

Nyenyezi zitatu basi, ndipo ziwiri zinazo wazidya ndi mwini wake.

Ntchito ya kapulogalamu aka ndi imodzi, mukalemba dzina la siteshoni ya njinga zobwereka pa terminal (sikirini ya pa kompyuta yongolembapo malamulo) kamakuuzani njinga zatsala zingati komanso malo oimikapo opanda kanthu ndi angati. Kaulere, sikafuna akaunti. Data kamatenga ku GBFS, dongosolo lija linayamba mu 2015 lomwe makampani ambiri a njinga zobwereka amatulutsira manambala awo poyera.

Chomwe chinandipsetsa mtima ndi ichi, m'mawa ndikuthamangira ku ntchito ndayang'ana, kakuti njinga zilipo zambirimbiri pa siteshoni yapafupi, ndayenda mtunda wonse uja kufika pamalopo njinga zilipodi koma zonse zokhoma, kusikana QR osatheka, sikirini ya makina ili bii, siteshoni inazima. Madzulo ndinakoka ndekha station_status.json, fayilo ya GBFS yonena momwe siteshoni iliyonse ilili, ndi curl (chida chokokera data pa intaneti) nkusefa ndi jq (chida chosefera data yotere), zonse zinali pambalambanda: is_renting ili false, kutanthauza kuti siteshoni sikubwereketsa, last_reported, nthawi yomwe siteshoni inatumiza data komaliza, ya dzulo lake. Ndiye kuti kampani ya njinga inanena zoona, kapulogalamuka ndi komwe kamangotola num_bikes_available, chiwerengero cha njinga zomwe zilipo, nkutaya zinazo ngati zilibe ntchito.

Ndinawalembera eni kapulogalamuka mwaulemu ndithu, ndi chithunzi chomwe. Yankho mzere umodzi, akuti code ili poyera konzani nokha, nkutseka nkhani pompo. Aaa bwana, chinthu chikakhala chaulere ndiye munthu aziyankhidwa chonchi? Kuika kachizindikiro kofiira pa siteshoni yomwe sikubwereketsa ndi mizere ingati kodi, zimenezi zinandiwawa kuposa ulendo uja.

Komabe ndisaname, sindinakachotse. Pa liwiro palibe app yomwe ingakafike, app imayamba yazungulira kaye kusaka pomwe muli, mapu atseguke, pamene aka mukangodina Enter yankho lafika kale. Kamalumikiza bwinobwino station_id (nambala ya siteshoni) ndi mayina a masiteshoni a mu fayilo ya station_information.json, ntchito yotopetsa zedi mukamachita pamanja, ndipo kamatsata ttl (nthawi yodikira musanakokenso data), sikangokhalira kugogoda pa seva. Pomwe kamandithandiza kwambiri ndi pobweza njinga, kudziwiratu komwe kuli malo oimikapo musananyamuke, chifukwa kufika pa siteshoni yodzaza nthawi ikuwerengabe zimapweteka.

Amene mumaidziwa jq katengeni, koma is_renting ndi last_reported muziwonjezere nokha tsiku loyamba lomwelo. Enanu dikirani kaye eni ake akonze.