Nürburgring, Kyalami kapena Zwartkops: woyamba kumene alowere pati?

Pakati pa madalaivala a kuno ku Mzuzu amene amakonda kuonera mipikisano ya magalimoto pa kanema, alipo ena amene kuonera kokha sikuwakwanira, ndipo amalakalaka kuti tsiku lina adzalowetse galimoto wamba, yonga imene timayendera masiku onse, m'bwalo lotchuka la mpikisano. Popeza m'dziko muno mulibe bwalo la phula lomangidwira zimenezi, munthu wotere ayenera kutuluka kunja. Mabwalo oyenera kuwaganizira ndi atatu: Nürburgring ku Germany, Kyalami kumpoto kwa Johannesburg, ndi Zwartkops kufupi ndi Pretoria. Awiri oyambawo mbiri yawo inafika kutali, pamene lachitatulo ambiri sanalimvepo, koma kwa munthu amene sanalowepo m'bwalo ngakhale kamodzi, ine ndimaona kuti lachitatulo ndilo loyenera kuyambira.

Nürburgring, makamaka mbali yake yakumpoto yotchedwa Nordschleife, inatsegulidwa mu 1927 m'mapiri a Eifel, kumwera kwa mzinda wa Cologne. Kutalika kwake ndi makilomita 20.8, makona ake owerengedwa ndi 73, ndipo kuchokera pamalo otsikitsitsa kufika pamalo okwera kwambiri pali mamita pafupifupi 300. Niki Lauda, dalaivala wotchuka wa mipikisano, anachita ngozi yoopsa ya moto pamenepa mu 1976, ndipo chichokereni chaka chimenecho mpikisano wa Formula One sunabwererenso kumbali imeneyi. Chodabwitsa n'chakuti bwalo loopsa chonchili ndilo losavuta kulowamo kuposa ena onse. Pa masiku amene amatsegulira alendo, omwe amakhala pakati pa Marichi ndi Novembala, munthu aliyense wokhala ndi laisensi ndi galimoto yololedwa kuyenda pamsewu amagula tikiti ya ma euro 30 kapena kuposerapo pang'ono, chotchinga chimatseguka, iye n'kulowa. Palibe amene amamuyesa, palibe phunziro lokakamiza, ndipo ngakhale chipewa choteteza mutu sichikakamizidwa kwa a m'galimoto.

Kumasuka kumeneku ndiko kumene kuli vuto. Pa nthawi ya alendo bwaloli limayendetsedwa ndi malamulo a pamsewu a dziko la Germany, kutanthauza kuti woyenda pang'onopang'ono amakhala kumanja ndipo kupitirira mnzako kumaloledwa kumanzere kokha. Ife amene tinazolowera kuyenda kumanzere chiwongolero chili kumanja, tiyenera kusintha zonse ziwiri nthawi imodzi, kwinaku kumbuyo kukutulukira Porsche imene dalaivala wake amadziwa bampu iliyonse ya m'njiramo. Woyamba kumene amatha theka la nthawi yake maso ali pagalasi loonera kumbuyo, osati pamsewu. Makona ambiri amabisika kuseri kwa chitunda, moti munthu amafika pamwamba asakudziwa ngati msewu ukhotera kumanja kapena kumanzere, ndipo zitsulo zotchinga zili pafupi kwambiri ndi phula. Nyengo nayonso ndi yosadalirika: monga zimachitikira m'nkhalango ya Chikangawa, mbali ina imatha kukhala youma pamene patsogolo pang'ono pali chifunga ndi msewu wonyowa.

Ndalama nazo sizithera pa tikiti. Amene wagunda zitsulo amalipira zitsulozo, amalipira galimoto yodzamukoka, ndipo amathanso kulipiritsidwa nthawi imene bwalo latsekedwa chifukwa cha iye. Makampani wamba obwereketsa magalimoto amaletsa kulowetsa galimoto zawo m'bwaloli, choncho mlendo amabwereka kwa makampani a pafupi ndi bwalolo amene amakonzera magalimoto ntchito imeneyi, ndipo gawo limene wobwereka amalipira yekha akawononga galimoto limakhala lalikulu. Pamwamba pa zonsezi pali viza ya Schengen ndi tikiti ya ndege ya ku Ulaya.

Kyalami ili pafupi ndi ife, ndipo mbiri yake siyochepa. Inatsegulidwa mu 1961, Jody Scheckter anapambanirapo mpikisano wa Formula One pamaso pa anthu akwawo mu 1975, ndipo mpikisano womaliza wa Formula One mu Africa unachitikira pomwepa mu 1993, Alain Prost atapambana. Mu 2014 Toby Venter, mkulu wa Porsche ku South Africa, anagula bwaloli n'kulikonzanso, moti lero lili ndi makilomita pafupifupi 4.5 ndi makona 16, phula losalala, ndi malo otakasuka m'mbali mwa makona oti galimoto ikaphonya iimirepo isanagunde kanthu. Pa chitetezo limaposa Nordschleife kutali. Chovuta chake n'chakuti silitsegulidwa kwa aliyense nthawi zonse, ndipo mwayi wolowamo umabwera mwa apo ndi apo, kawirikawiri kudzera m'magulu a okonda magalimoto kapena m'makampani ogulitsa magalimoto, kotero munthu wochokera ku Mzuzu ayenera kutsimikiza tsiku lake asanagule tikiti ya ulendo. Ndi bwalo laliwiro, ndipo chitsikira chotchedwa Mineshaft si malo oti munthu akaphunzirirepo kwa nthawi yoyamba mmene galimoto imachitira ikathamanga kwambiri.

Zwartkops ndi kabwalo ka makilomita 2.4 okha, ndipo ubwino wake uli m'kufupika komweko. Kuyendetsa m'bwalo kumaphunziridwa mwa kubwereza. Ku Nordschleife woyamba kumene amatha mphindi zoposa khumi kuti azungulire kamodzi, ndiye kuti kona iliyonse amakumana nayo kamodzi kokha, ndipo pamene akubwereranso amakhala ataiwala chimene analakwitsa. Ku Zwartkops, m'mphindi makumi awiri amadutsa kona yomweyo kakhumi kapena kuposerapo, moti akachedwa kuponda buleki ulendo uno, ulendo wotsatirawo amakonza maganizo akadali pomwepo. Masiku otsegulira anthu wamba m'mabwalo otere amayamba ndi msonkhano wofotokozera malamulo ndi tanthauzo la mbendera, yachikasu yochenjeza za ngozi patsogolo ndi yofiira youza onse kuti achepetse liwiro n'kutuluka. Oyendetsa amagawidwa m'magulu malinga ndi luso lawo, chipewa choteteza mutu n'chofunika, ndipo mphunzitsi amatha kukhala pampando wa pambali. Zimene mphunzitsiyo amanena ndi zochepa koma zosemphana ndi chizolowezi chathu: kutsiriza kuponda buleki galimoto ikadali yowongoka, kuyang'ana kumene kona ikuthera m'malo moyang'ana patsogolo pa boneti, ndi kugwira chiwongolero ndi manja onse awiri, osati dzanja limodzi lina lili pawindo monga amachitira a matakisi a pa depoti.

Ulendo wake nawonso ndi wopepuka. Mmalawi safuna viza pokacheza ku South Africa kwa masiku osapitirira 30, ndege zochokera pabwalo la Kamuzu ku Lilongwe zimafika ku Johannesburg m'maola osakwana atatu, kumeneko amayenda kumanzere ngati ife, ndipo mabanja ambiri a kuno kumpoto ali ndi mbale ku Joni wowalandira. Mabwalo onse awiri, Kyalami ndi Zwartkops, ali pamalo okwera kuposa Mzuzu, kumene mpweya ndi wopepuka ndipo injini yopanda turbo imataya mphamvu pang'ono, chinthu chimene kwa wophunzira sichidandaulitsa.

Funso lotsala ndi la galimoto. Ena angaganize zotenga Axio kapena Fit yawo, kudutsa pa Dedza, Tete, Nyamapanda ndi Beitbridge, ulendo wa makilomita oposa 2,000, kuti akailowetse m'bwalo. Maganizo amenewa sindigwirizana nawo, chifukwa galimoto yomweyo ndiyo iyenera kuwabweretsa kunyumba, ndipo inshuwalansi wamba silipira zowonongeka m'bwalo la mpikisano. Chimene chimayamba kugonja pa galimoto wamba si injini ayi, koma mabuleki. Aliyense amene anatsikapo Chiweta kumbuyo kwa lole yolemera amalidziwa fungo la mabuleki opsa. M'bwalo kutentha kotereku kumabwera m'mphindi zochepa chabe: mafuta a buleki akale, amene anamwa chinyezi, amawira, ndipo pedulo imalowa mpaka pansi galimoto osaima. N'chifukwa chake amene amalowetsa galimoto yawo amasintha kaye mafutawo, amaona mapadi ndi matayala, amachotsa katundu yense woyenda yekha m'kati, ndipo asanatuluke amazungulira kamodzi pang'onopang'ono kuti mabuleki azizire. Akaimika galimoto sakoka handibuleki, kuopa kuti mapadi otentha angamatirire. Kwa mlendo wochokera kutali, njira yabwino ndi kulipira sukulu yophunzitsa kuyendetsa m'bwalo imene imapereka galimoto yake ndi mphunzitsi, ndipo pa Zwartkops masukulu otere alipo.

Amene mtima wake uli pa Nürburgring basi, ndipo ntchito kapena sukulu yamufikitsa ku Germany, pali njira ina imene ndingamulimbikitse. Pabwalopo pali magalimoto amene amanyamula alendo akuyendetsedwa ndi akatswiri, ndipo kukhala pampando wa pambali kumamuonetsa munthu Karussell, kona yotchuka yopendekeka ya konkire, ndi zitunda zonse popanda kuika moyo ndi thumba pachiswe. Akafuna kugwira yekha chiwongolero, abwereke galimoto yaing'ono monga Suzuki Swift pamodzi ndi mphunzitsi, asankhe madzulo a pakati pa sabata pamene magalimoto amachepa, ndipo asayese kudziwerengera nthawi, chifukwa malamulo a masiku a alendo amaletsa zimenezo.